Kusamutsa nyimbo ya kwaya kuchoka mu solofa kupita pa sitafu mu MuseScore

Kwayamasita, Chitakale:
Mwaswera bwanji akuluakulu. Pali nyimbo ya mawu anayi yolembedwa pamanja mu solofa, Doh is G, mabiti anayi pa bala, mavesi atatu ndi kolasi. Ikufunika ikhale pa sitafu mu MuseScore, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera nyimbo, kuti wa kiyibodi aziwerenga, ndiponso titulutse MP3 ya soprano, alto, tena ndi besi payokhapayokha. Zikukanika zitatu. Mizere ya mabala sikugwera pomwe yagwera m'kope, yonse yatsetsereka ndi biti imodzi. Tena ikumveka pamwamba pa alto. Chachitatu, mawu sakukhala pansi pa manotsi ake, makamaka pomwe pali kukoka. Mzere woyamba wa soprano uli chonchi:

:s, | d :-.r ! m :d | s :fe ! s :f | m :- ! - :r.,m | d :- ! -

Wa kiyibodi, Bvumbwe:
Achimwene, mabala akutsetserekawo si a kuchipatala, musade nkhawa. Nyimbo yanu sikuyambira pa biti yoyamba. Onani madontho awiri ali patsogolo pa s, woyambayo: ikuyambira pa biti yachinayi. Bala loyamba liyenera kukhala ndi biti imodzi yokha. Dinani kumanja pa malo opanda notsi m'bala loyambalo, sankhani Measure properties, pa Actual lembani 1 ndi 4, Nominal muisiye 4 ndi 4. Chongani Exclude from measure count kuti manambala a mabala ayambire pa bala lathunthu. Bala lomaliza mulipatse 3 ndi 4, chifukwa biti yomwe yasowayo ndi yomwe munabwereka koyamba kuja.

Koma poti manotsi munalowetsa kale, chitani motere: sankhani kuyambira notsi yachiwiri mpaka kumapeto, Ctrl+X, konzani bala loyambalo, dinani bala lachiwiri, Ctrl+V.

Aphunzitsi a nyimbo, Luchenza:
Zikomo a Bvumbwe. Ine ndiwonjezere kuti mzere womwe mwatumizawu uli ndi misampha yonse yomwe imagwira anthu, ndiye tiyeni tiuyende pang'onopang'ono pa kiyibodi ya kompyuta, osati ndi mausi.

Doh akakhala G, pa kiyi pamakhala sharp imodzi, ya F. Ndiye d ndi G, r ndi A, m ndi B, f ndi C, s ndi D, l ndi E, t ndi F sharp. Lembani zimenezi pa kapepala, mukamate pambali pa sikirini. Mukayika kiyi molondola, mukadina F pulogalamu imayika yokha F sharp.

Dinani N kuti muyambe kulemba. Nambala imasankha kutalika kwa notsi, chilembo chimasankha notsiyo, ndipo nambala imayamba nthawi zonse. 5 ndi crotchet, biti imodzi. 4 ndi quaver, theka. 3 ndi semiquaver, theka la theka. 6 ndi minim, mabiti awiri. 7 ndi semibreve. Kadontho kamawonjezera theka la kutalika komwe mwasankha. 0 ndi kupuma.

Mzere wanu: 5, D. Kenako d :-.r ndi biti ndi theka kutsatana ndi theka, ndiye 5, kadontho, G, 4, A. Kenako 5, B, G. Apa ndi pomwe pali msampha woyamba. MuseScore imayika notsi pa octave yomwe ili pafupi ndi notsi yapita. Kuchoka pa G, D wapansi ali pafupi kuposa D wapamwamba, ndiye mukadina D ikupatsani s, wapansi pomwe m'kope muli s wapamwamba. Dinani Ctrl ndi muvi wolozera m'mwamba kuti akwere octave. Lamulo lake nlakuti kulumpha kulikonse kofika manotsi asanu kapena kupitirira, monga d kupita s kapena m kupita d', muyang'ane kawiri. Notsi yoyamba yeniyeni ya nyimbo nayonso muyang'ane, imakonda kugwera pamwamba.

Msampha wachiwiri ndi fe. Dinani C, kenako muvi wa m'mwamba wokha, akhala C sharp. Ndiye D. Tsopano f yemwe akutsatirayo ali m'bala lomwelo ndi fe, ndipo pa sitafu sharp ikalembedwa imagwira mpaka bala lithe. Mukangodina C, pulogalamu ikupatsaninso C sharp, ndiye kuti fe kachiwiri, ndipo pa pepala sipaoneka chizindikiro chilichonse chokuchenjezani. Dinani muvi wa pansi kuti patuluke natural. Mu solofa vuto limeneli kulibe chifukwa notsi iliyonse imadzitchula dzina.

Zotsalazo nzosavuta. m :- ! - ndi mabiti atatu: 6, kadontho, B. r.,m ndi 4, kadontho, A, kenako 3, B. Pomaliza 6, kadontho, G.

Agogo a solofa, Makwasa:
Aphunzitsi mwalongosola bwino. Ine zanga ndi za kawerengedwe ka kopelo, chifukwa ambiri amalakwa asanakhudze nkomwe kompyuta. Mzere wautali ndi biti yamphamvu, madontho awiri ndi biti yofooka, ndipo kamzere kafupi komwe mwana wanga wa ku Chitakale waikapo chizindikiro chofuula ndi biti yachitatu, yamphamvu pang'ono. Si mzere wa bala. Pamanja anthu amalemba mizere iwiriyi yofanana kutalika, ndiye wokopera amaganiza kuti nyimbo ndi ya mabiti awiri, mabala nkuchuluka kawiri.

Chachiwiri, pa foni mpatuliro ukugwira ntchito ziwiri. Mu s, ukutanthauza octave yapansi. Mu r.,m ukutanthauza kugawa biti. M'mabuku osindikizidwa chizindikiro cha octave ndi kakang'ono kokhala mmunsi mwa chilembo, sikasokoneza. Mukamatumizirana pa foni, muzifunsana kuti mpatuliro uwu ndi uti. Ndipo malo opanda kanthu pakati pa zizindikiro za biti si kuiwala kwa mlembi, ndi kupuma.

Zina zomwe zimavuta: d.r ndi ma quaver awiri. d,r.m ndi ma semiquaver awiri ndi quaver. d.r,m ndi quaver kenako ma semiquaver awiri. Kamzere kokoka kakawoloka mzere wa bala, pa sitafu pamafunika manotsi awiri omangidwa.

Wa kiyibodi, Bvumbwe:
Kumanga komwe akunena agogoku ndi T mu MuseScore 4, koma mu MuseScore 3 ndi chizindikiro chophatikizira. Musasokoneze ndi S. S amajambula slur, yomwe imaoneka chimodzimodzi koma notsi yachiwiri imalirabe payokha. Mukamva notsi yokoka ikugunda kawiri poseweretsa, mwayika slur pomwe pamafunika tie.

Mayi wa alto, Limbuli:
Nanga za tena ija? Ifenso a alto timadandaula tikamamva MP3, abambo akutikwera pamutu.

Aphunzitsi a nyimbo, Luchenza:
Amayi, mlandu ndi wa clef. Mu solofa mawu a abambo amalembedwa octave imodzi pamwamba pa momwe amamvekera. d wopanda chizindikiro kwa soprano ndi G wa pa mzere wachiwiri wa treble clef. d yemweyo kwa tena ndi besi ndi G wa octave yapansi pake. Oyimba saganizako zimenezi, mmero umadzichitira wokha. Kompyuta ilibe mmero.

Sitafu ya tena imayenera kukhala ndi treble clef yokhala ndi ka 8 mmunsi. Ndi clef imeneyo mumayika notsi pa mzere womwewo womwe mukanayikira soprano, ndipo imamveka octave pansi. Mukasankha template ya SATB (soprano, alto, tena, besi) pa gawo la Choral poyamba nyimbo, clef imeneyi imabwera yokha. Vuto limadza munthu akasankha masitafu anayi wamba a treble, kapena akakopera manotsi a alto nkuwamata pa tena kuti angosinthako pang'ono. Kumata kumasunga kamvekedwe kenikeni, ndiye manotsi amakwera pamwamba pa sitafu ndi timizere tambiri.

A Chitakale, pitani ku Palettes, F9, tsegulani Clefs, ikani treble clef ya 8 mmunsi pa bala loyamba la tena. Manotsi adumphira m'mwamba, musadabwe, clef simasintha kamvekedwe. Tsopano dinani bala loyamba la tena, Ctrl+Shift+End kuti musankhe mpaka kumapeto, kenako Ctrl ndi muvi wa pansi kamodzi. Abwerera pomwe anali pa pepala ndipo amveka pansi pa alto.

Kwa besi, pa bass clef, d wopanda chizindikiro ndi G wa mu mpata wapamwamba kwambiri, ndipo d, ndi G wa pa mzere wapansi kwambiri. Notsi ikasanduka yofiira pa sikirini, pulogalamu ikukuuzani kuti yatuluka kunja kwa pomwe mawu amenewo amafika. Kawirikawiri si wopeka nyimbo walakwa, ndi octave.

Kwayamasita, Chitakale:
Tena yatsika, zikomo aphunzitsi. Tsopano funso: ndilembe masitafu anayi kapena awiri ngati m'mabuku a nyimbo za kutchalitchi? Awiri amasunga mapepala.

Wa kiyibodi, Bvumbwe:
Wa kiyibodi aliyense akuuzani awiri, chifukwa manja ndi awiri ndipo maso sangathamange mizere inayi. Koma fayilo yoyamba ikhale ya masitafu anayi. Mixer, F10, imapereka kabatani ka voliyumu pa sitafu iliyonse ya woyimba. Soprano ndi alto zikakhala pa sitafu imodzi, kukweza alto yokha kumakhala kovuta. Ndiye lembani anayi, tulutsani ma MP3, sevani kope lachiwiri ndi dzina lina, m'kope limenelo sankhani mabala onse a soprano ndi alto pamodzi, Tools, Implode. Alto ikwera pa sitafu ya soprano ngati voice 2. Chitani chimodzimodzi ndi tena ndi besi, musinthe clef kukhala bass, muchotse masitafu otsalawo.

Amene akufuna kulemba masitafu awiri kuyambira pachiyambi amve ichi: sitafu iliyonse ili ndi ma voice ake anayi. Pa sitafu yapamwamba soprano ndi voice 1, alto voice 2. Pa yapansi tena ndi voice 1, besi voice 2. Anthu amaganiza kuti poti tena ndi mawu achitatu ndiye voice 3, besi voice 4. Mukatero, voice 1 ya sitafu imeneyo imatsala ndi zizindikiro za kupuma m'bala lililonse ndipo sizifufutika, zimangobisika ndi V. Ctrl+Alt+1 ndi Ctrl+Alt+2 ndiwo amasintha voice. Voice 1 mitengo ya manotsi imaloza kumwamba, voice 2 pansi.

Mayi wa alto, Limbuli:
Pa ma MP3 ndipemphe chinthu. Musamatipatse alto yokhayokha. Munthu amaloweza bwino kunyumba, akafika pa pulakatisi soprano ikangoyamba amatsatira soprano. Kwezani alto, enawo muwatsitse koma azimveka chapatali. Komanso mawu aja a kwaya oti aaa sathandiza, notsi imalowa mozemba, sudziwa pomwe yayambira. Ikani piyano.

Wa kiyibodi, Bvumbwe:
Zoona amayi. Mu Mixer, pa mzere wa Sound sankhani piyano ya MS Basic pa masitafu onse anayi. MS Basic imabwera ndi pulogalamu, simafuna intaneti. Muse Sounds ndi yokoma koma ndi mafayilo akuluakulu otsitsa kudzera mu Muse Hub, bandulo imatha ndipo laputopu yofooka imadodoma poseweretsa. Pophunzitsira kwaya sizofunika.

File, Export, MP3. Pa 128 kbps mphindi imodzi ndi pafupifupi 1 MB, ndiye nyimbo ya mphindi zitatu kuchulukitsa mawu anayi ndi cha m'ma 12 MB. Muyenera kutulutsa kanayi, mukusintha Mixer ulendo uliwonse. Musaiwale tempo. Popanda chizindikiro cha tempo pulogalamu imathamanga pa 120, nyimbo ya maliro nkumveka ngati ya chinkhoswe. Dinani notsi yoyamba, tengani chizindikiro mu palette ya Tempo, musinthe nambala. Nyimbo yodekha yesani pakati pa 72 ndi 84.

Aphunzitsi a nyimbo, Luchenza:
Tibwere ku mawu, poti apa ndi pomwe mapepala ambiri a makwaya athu amaonekera kuti analembedwa mothamanga.

Dinani notsi yoyamba, Ctrl+L. Lembani phatikizo limodzi. Ngati liwu likupitirira, dinani kamzere kodula mawu, mudumphira pa notsi yotsatira. Liwu likatha, dinani space. Phatikizo lomaliza la liwu likakokedwa pa manotsi angapo, dinani Shift ndi batani la kamzere lomwelo, kamodzi pa notsi iliyonse yowonjezera, ndipo pajambulika mzere wapansi wosonyeza kukoka. Kukoka kukakhala pakati pa liwu, dinani kamzere kodula kangapo. Vuto lanu a Chitakale mwina ndi lakuti pokoka mukudina space kamodzi basi, ndiye phatikizo lotsatira likugwera pa notsi ya kukokako, mawu onse nkutsalira mmbuyo. Pamwamba pa manotsi okokawo muyikenso slur kuti woyimba aone kuti ndi mpweya umodzi.

Tsopano kudula kwake. Phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu. Ndiye ndi A-mbu-ye, osati Am-bu-ye. Mu-lu-ngu, osati Mu-lun-gu. Nyi-mbo, ku-mwa-mba, chi-mwe-mwe, mte-nde-re. Ichi si chokongoletsa pepala chabe. Woyimba akaona Am pa notsi yaitali amatseka milomo msanga, notsi imathera m'mphuno. Akaona A amasiya kukamwa kotsegula mpaka notsi ithe. ng' ndi nkhodolero yake zimayendera limodzi: ng'o-ma. Malembo a liwu awiri otsatana ndi maphatikizo awiri: ku-u-ni-ka. Nyimbo za Chilhomwe lh musamamulekanitse.

M wa mu mtima, m'mwamba, m'dziko ndi wina. Amatha kuima payekha. Muyang'ane kope: ngati wopeka anamupatsa notsi yake, lembani m-ti-ma pa manotsi atatu. Ngati ayi, mti-ma pa awiri. Werengani manotsi ndi maphatikizo a mzere uliwonse musanayambe kutayipa, manambala afanane.

Pomwe mawu awiri akugawana notsi imodzi, monga kwa Ambuye poyimbidwa mothamanga kuti kwa ndi A zikhale pamodzi, dinani Ctrl ndi space. Mpata ulowa koma simudumpha notsi. Chimodzimodzi polemba nambala ya vesi: 1, kadontho, Ctrl ndi space, kenako phatikizo. Vesi lachiwiri, lowani mu phatikizo loyamba la vesi loyamba, dinani Enter, mutsikira mzere wapansi.

Agogo a solofa, Makwasa:
Pa mavesi pamenepo ndiye pali nkhani. Chichewa chimalemera pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: chiSOmo, mteNDEre, aMBUye. Nchifukwa chake nyimbo ngati iyi ikuyambira pa biti yachinayi, kuti A akhale pa biti yofooka, mbu agwere pa yamphamvu. Vesi loyamba wopeka amasamala. Lachiwiri ndi lachitatu amangothira mawu, ndiye mumapeza biti yamphamvu yagwera pa ndi kapena pa wa. Pa sitafu mavesi atatu akakhala mondondozana pansi pa notsi imodzi, cholakwika chotere chimaoneka msanga. Pokhapo ndikuivomereza kompyuta yanuyo.

Koma ndifunse. Mu kwaya ya anthu makumi atatu, owerenga sitafu ndi angati? Solofa anabwera ndi amishoni, njira ya John Curwen yomwe anaikonza kuchokera pa ya Sarah Glover wa ku Norwich, ndipo anthu athu akhala akuyimba nayo mibadwomibadwo. Mukawapatsa pepala la timadontho tokhatokha, azingowerenga mawu, manotsi azilowezabe ndi khutu. Ndiye mwapindulanji?

Aphunzitsi a nyimbo, Luchenza:
Agogo simunalakwe. Pepala labwino la kwaya kuno likhale ndi zonse ziwiri. Njira zilipo zitatu ndipo sizofanana ubwino.

Yoyamba ndi yofulumira. Dinani kumanja pa sitafu, Staff/Part properties, Advanced style properties, pa Notehead scheme sankhani Solfège movable do. Dzina la notsi lilowa m'kamutu ka notsi iliyonse. Musasankhe fixed do, imeneyo imatcha C kuti do mu kiyi iliyonse, oyimba athu asokonezeka. Muchite pa sitafu iliyonse payokha. Kuipa kwake, imapereka maina okha. Mabiti woyimba awerengebe pa sitafu.

Yachiwiri ndi kulemba solofa yathunthu ngati vesi lina la mawu, ndi madontho ake a mabiti, kenako kusankha mzere wonsewo nkuuyika pamwamba pa sitafu kudzera mu Properties, F8, pa Placement. Imatenga nthawi koma ndiyo yabwino, chifukwa solofa imakhala pamwamba penipeni pa notsi yake ndipo imasuntha nayo mukasintha kukula kwa tsamba. Chenjerani ndi kamzere kokoka: mukadina kamzere wamba pulogalamu iganiza kuti mukudula liwu. Koperani kamzere kakatali kuchokera mu Word, muzimata ndi Ctrl+V pomwe kakufunika.

Yachitatu ndi tsamba lapadera la solofa yokha mu Word.

Wosindikiza, Mulanje boma:
Ya m'kamutu ija ndiyankhulepo monga wa makina. Pa sikirini imaoneka bwino. Pa pepala timalemba toyera tili mkati mwa kamutu kakuda, ndipo fotokope ikadutsa kawiri timalembato timatsekeka, kamutu kamangokhala kakuda bii. Ngati mwaikonda njira imeneyo, kulitsani sitafu: Format, Page settings, Staff space ichoke pa 1.75 mm ifike 2.2 mm kapena kupitirira. Masamba achuluka, mudziwiretu.

Ya Word, gwiritsani tebulo, biti iliyonse kabokosi kake, mizere inayi ya mawu anayi ndi mzere wa mawu a nyimbo pakati pa alto ndi tena, kenako bisani mizere ya tebulo. Mukamayendetsa ndi space, mabiti a soprano ndi besi sayang'anizana. Ngati tebulo likuvutani, sankhani Courier New, malembo ake onse ndi ofanana m'lifupi. Ndipo pitani ku AutoCorrect muchotse kuchonga pa Capitalize first letter of sentences ndi Capitalize first letter of table cells, apo ayi d aliyense asanduka D.

Pobwera kudzasindikiza mubweretse PDF, osati fayilo ya MuseScore ya mscz. Makompyuta a m'mashopu ambiri alibe MuseScore. Pepala likhale A4, osati Letter, chifukwa Letter imadula kapena kuchepetsa tsamba. Siyani malire a kumanzere okwana 20 mm ngati mudzaboola mapepala. Ndipo kuno kwathu ndi chinyezi cha chiperoni, inki ya inkjet imayenderera pepala likangonyowa pang'ono. Laser kapena fotokope, ndi kapulasitiki kovekera.

Wa lipenga, Thyolo boma:
Ndalowa mochedwa. A Chitakale, nyimboyo ikukwera mpaka pati? Doh akakhala G, d' ndi G wa pamwamba pa sitafu. Kwaya itha kufika, koma mpingo wonse mmawa sufika.

Kwayamasita, Chitakale:
Kolasi ikufika d' kawiri. Ndinayesa kuyika kiyi ya F pa bala loyamba, nyimbo yangodzaza ma natural ndi ma sharp.

Wa lipenga, Thyolo boma:
Eya, mwasintha chikwangwani koma nyumba ili pomwepo. Kuyika kiyi kuchokera mu palette sikusuntha manotsi. Bwezani ndi Ctrl+Z. Kenako Ctrl+A, Tools, Transpose, To key, F major, musankhe Down, ndipo Transpose key signatures ikhale yochonga. Manotsi onse atsika limodzi ndi kiyi. Solofa yomwe munalemba simuikhudza, mungosintha pamwamba kuti Doh is F. Ubwino wa solofa ndi umenewo, agogo amve.

Musanatsitse muone besi. Mu G, d, ndi G wapansi. Mu F ndi F wa mmunsi mwa sitafu, abambo ambiri amafika movutikira. Mukatsikira ku E flat, soprano asangalala koma d, wa besi angokhala mpweya, ndiye pamenepo mumukweze octave akhale d.

Ngati padzakhala malipenga: trumpet ya B flat imalembedwa toni imodzi pamwamba. Kwaya ikakhala mu F, trumpet iwerenga mu G, alto sax iwerenga mu D. Onjezani chidacho ndi I, kopererani manotsi a soprano, pulogalamu isintha yokha. Kabatani ka Concert pitch kakhale kozimitsa posindikiza, apo ayi woliza lipenga alira toni imodzi pansi pa kwaya yonse.

Mayi wa alto, Limbuli:
Nanga nyimbo zathu za ng'oma, zija wina amatsogolera ena nkumavomera? Zikalembedwa mu 4/4 zimauma.

Aphunzitsi a nyimbo, Luchenza:
Zambiri mwa izo biti iliyonse imagawika patatu, osati pawiri. Yesani chonchi: pondani phazi pa biti, muwerenge timagawo ta ng'oma yaing'ono pakati pa kuponda kuwiri. Mukapeza titatu, lembani 12/8 kapena 6/8. Mukaumirira 4/4 mudzadina Ctrl+3 pa biti iliyonse kupanga ma triplet, tsamba lidzadzaza ma 3, kapena choipa kwambiri mudzalemba quaver ya kadontho ndi semiquaver, nyimbo nkumayenda ngati perete wa asilikali. Mu solofa ya 6/8 gawo lililonse ndi quaver, ndiye d :- :- ndi crotchet ya kadontho, d :- :r ndi crotchet ndi quaver. Tempo yake muyike pa crotchet ya kadontho.

Wotsogolera mumupatse sitafu yake pamwamba, chifukwa nthawi zambiri amalowa ovomera asanamalize. Kuti sitafu yake isadye malo pomwe wangokhala chete, Format, Style, Score, chongani Hide empty staves. Kutsetsereka kwa mawu komwe otsogolera amachita polowa notsi musalimbane nako kukulemba ndi timanotsi ting'onoting'ono. Lembani notsi yomwe akufikirapo, zinazo aphunzire pakamwa.

Kwayamasita, Chitakale:
Zatheka mu F. Chatsala ndi kubwereza. Vesi, kolasi, katatu. Poseweretsa ikungobwereza kawiri nkuima, komanso biti ya koyamba ija ikuchita ngati yadumphidwa.

Wa kiyibodi, Bvumbwe:
Kawiri ndi momwe imabwerera yokha. Dinani kumanja pa bala lomwe lili ndi mzere wobwereza wakumapeto, Measure properties, Play count ikhale 3. Za biti yodumphidwa, onani bala lomaliza. Ngati mzere wobwereza ukubwezerani pachiyambi penipeni, bala lomaliza likhale ndi mabiti atatu kuti likaphatikizana ndi imodzi ya koyamba zikwane zinayi. Ngati munayika mzere woyambira kubwereza pa bala lachiwiri, ndiye s, uja ayenera kulembedwanso kumapeto kwa bala lomaliza pansi pa volta yoyamba (volta ndi kabulaketi ka nambala kosonyeza mathero a ulendo wa kubwereza), ndipo Repeat list ya volta imeneyo ikhale 1, 2, ya volta yachiwiri ikhale 3. Kwa nyimbo ngati yanuyi njira yoyamba ndiyo yosavuta.

Amene amagwiritsa D.C. al Fine adziwe kuti ikabwerera koyamba simabwerezanso zobwereza zamkati, pokhapokha mutachonga Play repeats mu Properties.

Wosindikiza, Mulanje boma:
Za mafayilo pang'ono, poti anthu amabwera ndi ma flash osatseguka. Fayilo yosevedwa mu MuseScore 4 sitseguka mu MuseScore 3. Amene ali ndi laputopu yakale ya Windows 7 akhale pa 3.6.2, chifukwa 4 imafuna Windows 10 ya 64-bit kapena yatsopano kuposa apo. Potumizirana pakati pa awiriwa, kapena ndi wa mapulogalamu ena olembera nyimbo monga Sibelius ndi Dorico, tulutsani fayilo ya MusicXML. MIDI ayi, imasunga kamvekedwe koma kalembedwe kamasokonekera, F sharp kusanduka G flat, kupuma kodabwitsa paliponse. Amene ali ndi nyimbo mu Finale azitulutsiretu mu MusicXML pomwe pulogalamu ikadatseguka, eni ake analengeza mu Ogasiti 2024 kuti asiya kuipanga. MuseScore yolembera ya pa kompyuta ndi yaulere. App ya MuseScore ya pa foni ndi yowerengera ndi kumvetsera, simulemberamo.

Magetsi akathima pa desktop yopanda batire, chomwe simunaseve chapita. Ctrl+S mukamaliza mzere uliwonse, ndipo mu Preferences muone kuti Auto save ndi yoyatsa.

Agogo a solofa, Makwasa:
Dzina la wopeka lilembedwe pamwamba kumanja, la wokonza mawu anayi pansi pake, ndi chaka. Nyimbo zikangoyamba kuyenda pa mafoni mwini wake amasowa, mawa mumva kwaya ina yajambula. Za umwini zili ndi COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zolemba, koma poyambira ndi dzina pa pepala. Wotayipa asadziyike pa malo a wopeka.

Kwayamasita, Chitakale:
Ndamva agogo, dzina lalowa. Play count yagwira. Koma kolasi ikuyambira pakati pa mzere wachitatu, ndipo mzere womaliza watsala ndi bala limodzi lokha lotambasuka tsamba lonse.

Aphunzitsi a nyimbo, Luchenza:
Dinani mzere wa bala pomwe mukufuna mzere uthere, dinani Enter, zotsalazo zitsikira pansi. Dulani motsata mizere ya ndakatulo, mabala anayi anayi. Poti mzere uliwonse wa mawu ukuyambira pa biti yachinayi, biti imeneyo izitsalira kumapeto kwa mzere wapamwamba. Ngati zikukunyansani, sankhani notsi ya biti yachinayiyo, Tools, Measures, Split measure before selected note, kenako Enter pa mzere watsopanowo, ndipo kachidutswa ka biti imodziko mukachonge Exclude from measure count kuti manambala asasokonekere. Bala lotsala lokhalo likwera mukasankha mabala a mzere wam'mbuyo mwake nkudina { kawiri kapena katatu, kapena mutsitse Staff space kufika 1.6 mm.

Mayi wa alto, Limbuli:
Musatsike kupitirira pamenepo, ena timayimba opanda magalasi. MP3 ya alto itumizidwe Lachinayi lisanafike.